Anadzatula Mimba Pakhomo Panga

1

Dzina langa ndine Ketilina, koma mukafika ku Chipata n'kufunsa za Ketilina, anthu angokuyang'anani. Funsani za Madamu Miti, mphunzitsi wa zapakhomo, ndipo wapanjinga aliyense akakutsitsani pageti pa sukulu yathu. Ndimaphunzitsa ana a sekondale kuphika, kusoka, kuchapa, kusita ndi kusunga banja. Phunziro lotsirizali ndi limene linandiika m'kamwa mwa anthu.

Sukulu yathu ndi ya mishoni, ili m'mbali mwa msewu wopita kumalire, ku Mwami. Komiti ya makolo pamenepo ili ndi lamulo losalembedwa, loti wophunzitsa za banja akhale wapabanja. Mayi amene ndinalowa m'malo mwawo anawasamutsa ukwati wawo utangotha, ati ana angatengere. Ine anandilandira ndi manja awiri chifukwa cha Edmond.

Aliyense pasukulupo ankadziwa za Edmond Miti, dalaivala wa thiraki yonyamula katundu kuchokera ku Chipata kupita ku Lilongwe mpaka ku Beira. Ankadziwa kuti samwa, sasuta, ndipo sanandikwezerepo mawu. Ankadziwanso kuti amafika mwa apo ndi apo, n'kunyamuka kusanache, kundisiyira mulu wa zovala zakuda.

Zovala zimenezo ndizo zinali buku lathu m'kalasi. Ana anga anaphunzira kuchotsa girizi pa malaya a Edmond. Anaphunzira kusita kolala, kupinda buluku ndi kusokerera batani pa zovala za Edmond. Tikamaliza ndinkaziyanika pachingwe kuseri kwa nyumba yanga, ndipo aliyense wodutsa ankadziwa kuti aMiti anabwera. Pophunzitsa za kukambirana m'banja, chitsanzo chinali aMiti. Pophunzitsa za kukhululukirana, aMiti omwewo. Amayi akutchalitchi anafika pomanditumizira akwati atsopano kuti adzamve kwa ine mmene amasungira mwamuna woyendayenda. Ndinali ndi matama, zimenezo sindikana.

2

Chakudza sichiimba ng'oma. Loweruka lina m'mamawa, mayeso a Giredi 12 atayandikira, ndinamva odi pakhomo. Nditatsegula ndinapeza bambo wovala jekete lalitali, mayi womanga chitenje chothina, ndipo pakati pawo panali Jesca Chulu atanyamula chikwama ndi mphasa yopindidwa.

Jesca anali mwana wanga wanzeru kuposa onse m'kalasi. Anali ndi zaka makumi awiri, chifukwa anaimapo sukulu podwazika mayi ake mpaka kuwaika m'manda. Kuchokera pamenepo ankakhala ku komboni ya Nabvutika ndi amalume ake, aWilbroad, ndi akazi awo, aDailes, amene tsopano anali atakhala pakhonde panga atakana mipando. Tinapatsana moni wautali. Anafunsa za ntchito, za mvula imene inali isanabwere, ndiponso za ulendo wa aMiti. Kenako aWilbroad anatsokomola.

"Madamu, ife sitikhalitsa. Tabwera kudzatula katundu wa aMiti."

Inu amene simunakulire kuno, mwambo wake ndi wotere: mtsikana akatenga pakati asanakwatiwe, abale amamupanikiza mpaka atchule mwamuna, kenako amakamusiya pakhomo pa mwamunayo, iwo n'kubwerera manja ali lende. Ndinali nditaona zimenezi pamakomo a anthu ena, ndikusuzumira pazenera ngati wina aliyense. Sindinaganizepo kuti mphasa idzafika kwa ine.

Ndinaseka. Ndinawauza kuti asochera, chifukwa Edmond sangachite zimenezo. ADailes anandiyang'ana mwachifundo n'kunena kuti tonse timayamba ndi mawu omwewo. Ndinati ine ndikudziwa mwamuna wanga kuposa mmene mkazi aliyense m'Chipata muno amadziwira wake, iwo n'kugwedeza mutu kuti amenewonso ndi mawu achiwiri. Ndiye ndinatembenukira kwa Jesca, ndikuti anene yekha pamaso panga.

Mwanayo anayang'ana zala zake zakuphazi. "Ndi aMiti, Madamu. Anavala malaya abuluu aja a batani limodzi losiyana ndi anzake."

Malayawo ndinkawadziwa. Batanilo anasokerera ndi iye yemweyo m'kalasi, ndipo ndinamupatsa malikisi onse.

AWilbroad anaika nkhani poyera. Ngati aMiti avomera, mwanayo ndi wawo, za sukulu aziona okha. Ngati akana, iwo amutenga Jesca kupita naye kumudzi ku Madzimoyo, kumene kunali bambo wina wofedwa mkazi, wa ng'ombe zake, amene ananena kale kuti mimba si vuto. Za mayeso anati aiwale, popeza wakhoza kale ena. Atatero anadzuka, kukutumula jekete lawo, n'kumapita. Jesca anatsala chiimire ndi mphasa yake, ndipo ine ndinamuuza kuti alowe chifukwa anthu anali atayamba kutuluka ndi misuwachi m'kamwa.

3

Pofika Lolemba, nkhani inali itadutsa kale malire n'kubwerako. Ahedi athu, aKamanga, anandiitanira mu ofesi, kutseka chitseko, n'kundiuza motsitsa mawu kuti iwo sanafune kundipweteka mtima, koma Edmond anayamba kumukayikira kalekale. Anati anakumana naye ku Mwami tsiku lina akumwa mowa ndi mkazi wonenepa, ndipo anagwirana chanza. Ndinangoti kukamwa yasa.

Mboni zinachuluka ngati ngumbi. Mayi wogulitsa tomato pageti anati Edmond anamufunsirapo iyenso, koma anamukana. Mlonda anati amamva thiraki ikuima patali n'cholinga choti ine ndisadziwe kuti wafika. Wina anabwera ndi nkhani yoti ku Mchinji kuli mkazi wina ndi mapasa. Pa kutalika kwake sankagwirizana, ena ankati ndi chimunthu, ena ankati ndi kafupi kandevu, koma onse ankagwirizana kuti maso ake ndi achimasomaso.

Lachitatu kunabwera alangizi akutchalitchi. Anandikhazika pamphasa ya Jesca, n'kuyamba kundikumbutsa kuti mwamuna ndi kabudula, amathera moyenda. Anafunsa ngati ndimamuwenga zikhadabo. Anafunsa ngati ndimamudikira kuti adye kaye, ndi mafunso ena amene sindingalembe m'magazini yowerenga ndi ana omwe. Pomaliza anagamula kuti vuto ndi ine, ndimathera mphamvu posita zovala kuiwala mwini zovalazo. Ndinayankha kuti ndamva, chifukwa mlangizi sayankhidwa china.

Ngati zimenezo zinachepa, mutu wa sabata imeneyo m'kalasi unali wa kukhulupirika m'banja. Ndinaulemba pabolodi. Jesca anakhala pampando wake wakutsogolo n'kumalemba zonse mosamala. Mnyamata wina kumbuyo anakweza dzanja kufunsa ngati zitsanzo za aMiti tizilembabe pamayeso, ndipo kalasi yonse inagwira pakamwa.

Chimene chimandidabwitsa mpaka lero n'chakuti madzulo a tsiku limenelo ndinamukwiyira Edmond zenizeni. Ndinatulutsa nsapato zake n'kuziponya panja, ndinalira mpaka mamina, ndikumufunsa chimene ndinamulakwira. Jesca anatola nsapatozo, kuzipukuta, n'kuzibwezera pansi pa bedi. M'nyumbamo sitinkalankhulana. Iye ankasesa, kuphika, n'kutsegula mabuku ake, ine ndikumuyang'ana cham'mbali.

Kenako ahedi ananditumizira uthenga kuti Lachisanu komiti ikhala pansi ndi aWilbroad, ndipo Edmond abwere adzayankhe yekha, kuvomera kapena kukana.

4

Lachinayi ana ataweruka, ndinamuuza Jesca kuti atsale m'chipinda chathu chophunziriramo zapakhomo. Ndinatseka chitseko n'kutsamira tebulo lositirapo.

"Jesca, mimbayi ndi ya yani?"

"Ya aMiti, Madamu."

"Mwana iwe, usandiyese chidole. Mawa amalume ako akubwera. Ndiuze zoona."

Anapita pakabati, n'kutulutsa zovala za Edmond zimene tinkaphunzirira, n'kuziyala patebulo chimodzichimodzi monga ndinawaphunzitsira. Anati ine ndemwe ndinawauza kuti chovala chimanena za mwini wake. Anandionetsa kolala ya malaya abuluu, yoti khosi la mbuzi lingakwane, ndi kolala ya malaya oyera, yoti mungalowe makosi awiri. Anayala mabuluku awiri, lina la munthu wamtali, lina la munthu wofika m'chiuno mwa woyambayo. Anati kuyambira Giredi 10 wakhala akuchapa makolala amenewa ndipo sanapezepo thukuta. Girizi amakhala pamalo amodzimodzi, pathumba lakumanzere, ndipo amanunkhira mafuta a makina osokera.

"Madamu, aMiti kulibe."

Owerenga anga, mwanayo sananame. Edmond kulibe, ndipo sanakhaleko. Anabadwa tsiku limene ndinaima pamaso pa komiti kufunsira malo, mayi wina atandifunsa kumene amuna anga amagwira ntchito. Ndinali ndisanakwatiwepo, ntchito ndinkaifuna, ndipo pamsewu panadutsa thiraki. Mphete ndinagula kumsika. Zovala ndinkasankha pa salaula, pamulu wa zovala zovalidwa kale, ndipo poti ndinkayang'ana mtengo osati saizi, mwamuna wanga ankafupika ndi kutalika malinga ndi mwezi. Girizi ndinkapaka ndekha Lamlungu madzulo.

Ndinakhala pansi n'kumufunsa chifukwa chimene anasankhira ine pa anthu onse a m'Chipata.

Anandiuza kuti mwini mimba ndi Shepherd, mnyamata wonyamula anthu panjinga, amene sanakane kanthu ndipo ankafuna kukadziulula tsiku lomwelo. Koma Shepherd ankagona m'kachipinda kamodzi ndi anzake, choncho amalume akanakamutula kwa makolo a mnyamatayo, kumudzi kutali, kumene kulibe ngakhale sekondale. Amalume atamupanikiza, Jesca anaganiza monga amaganizira funso la pamayeso.

"Ndinafuna mwamuna woti amalume sangamumenye, apolisi sangamugwire, komanso nyumba yake ili pafupi ndi kalasi. Ndinapeza mmodzi yekha."

Ndinafuna kumuwomba mbama, ndipo nthawi yomweyo ndinafuna kumukumbatira, chifukwa pa ana onse amene ndinawaphunzitsa kuchapa, uyu yekha ndi amene anamvetsa phunzirolo. Sanandiopseze kuti aulula. Anangoti ngati mawa ndinena kuti aMiti akana, iye sadzatsutsa, akwera basi ya ku Madzimoyo. Anapinda zovala zija bwinobwino, kuzibwezera m'kabati, n'kupempha kuti apite akawerenge.

5

Lachisanu mu ofesi ya ahedi munadzaza. AWilbroad anabwera ndi jekete lomwe lija komanso ndodo imene sanabwere nayo ulendo woyamba. Anaika mpando wopanda munthu pakati, wa Edmond, ndipo aliyense ankauyang'ana moipidwa.

Ndinali ndi njira yosavuta. Ndikananena kuti Edmond wakana, ndikanatuluka ndi mwamuna woyera ndi mbiri yanga yomwe, ndipo akwati atsopano akanayambiranso kubwera. Ndinayang'ana pazenera n'kuona Jesca atakhala pansi pa mtengo wa mango, buku lili pamiyendo, akuwerenga ngati nkhaniyo ndi ya munthu wina.

Ndinaimirira n'kunena kuti Edmond waimba foni kuchokera ku Beira, kumene thiraki yamufera. Wavomera. Wapepesa kwa amalume, kwa komiti ndi kwa ine, ndipo analira pafoni. Walamula kuti Jesca akhale m'nyumba mwake ndipo alembe mayeso onse, chifukwa iye safuna mayi wa mwana wake akhale wosaphunzira.

AWilbroad anaika ndodo pansi mokhumudwa pang'ono. Anati munthu wovomera samenyedwa, koma nkhani ya ng'ombe ya chindapusa idzamudikira. Ahedi anati kuyambira pomwe anagwirana naye chanza anaona kuti pansi pa mtima ndi munthu wabwino. Komiti, m'malo mondichotsa, inagamula kuti ine ndiye mphunzitsi weniweni wa za banja, chifukwa ndaonetsa kupirira kumene mabuku sangaphunzitse. Mwezi womwewo anandiitana kumsonkhano wa amayi kuti ndikalankhule pamutu wa kukhala bwino ndi mkazi mnzako, ndipo anandiwombera m'manja.

Masabata otsatirawo ndi amene ndimawakumbuka mokoma. Ndinamasula yunifolomu ya Jesca m'chiuno kawiri. M'mawa ndinkamuphikira phala, madzulo ndikumufunsa mafunso a sayansi, iye mapazi atawaika m'beseni chifukwa ankatupa. Kalasi yanga inafika pamutu wa kukonzekera mwana wakhanda, ndipo tinadula malaya a Edmond n'kusoka timalaya ndi matewera. Amayi apasukulu anati ndamulanga bwino, adzayenda chifuwa chili pamtunda.

Jesca analemba mayeso onse. Pepala lomaliza anatuluka akuyenda ngati bakha, n'kundipeza ndikumudikira pakhonde, ndipo ndinalira kuposa mmene ndinalirira nsapato zija. Mwana anabadwa mvula ili pakati, wamwamuna, ndipo tinamutcha Thokozani. Amayi obwera kudzaona khanda ankalinyamula, kuliyang'anitsitsa, n'kuusa moyo kuti mphuno ndi ya aMiti yeniyeni.

6

Zotsatira zitatuluka, Jesca anakhoza bwino moti anapeza malo kusukulu ya unamwino. Tinagwirizana kuti tsopano palibe choopa, bodza lithe.

Shepherd ndiye anayamba. Anavala malaya obwereka, kutenga ankhoswe ake, n'kupita ku Nabvutika kukanena kuti mwana ndi wake ndipo akufuna kukwatira. AWilbroad anamumvetsera mpaka kumapeto, kenako anamufunsa kuti aMiti amulonjeza chiyani kuti awasenzere mlandu. Anati ng'ombe ya dalaivala wa thiraki sangaisinthanitse ndi belu la njinga. Ndodo ija inagwira ntchito tsiku limenelo, ndipo ankhoswe anathawa kusiya nsapato.

Ndiye ndinaitanitsa ndekha msonkhano, ahedi, aWilbroad, aDailes ndi alangizi. Ndinaima n'kunena zonse, za thiraki yodutsa pamsewu, za mphete, za salaula, za mafuta a makina. Ndinali nditakonzeka kuchotsedwa ntchito, ndipo katundu wina ndinali nditamanga kale.

ADailes anadzuka n'kundigwira dzanja. "Amake Thoko aakulu, ifenso tinafikapo pamenepo. Ine chaka chimene awa ananditengera mkazi wa ku Katete, ndinkauza aliyense kuti ndilibe mwamuna."

Ndinati sindikunena mophiphiritsa, munthuyo kulibe. Ahedi anakwiya, n'kufunsa ngati ndikuwatcha abodza pamaso pa anthu, iwo amene anamugwira chanza ndi dzanja ili. Jesca anaikira umboni, koma onse anati mwanayo akungoopa mkazi wamkulu. Ndinatulutsa mabuluku awiri osiyana aja, ndipo mlangizi wina anati zangotsimikiza kuti Edmond amavula m'nyumba zambiri mpaka kusokoneza zovala ndi amuna a eni. Anandizungulira, kundisanjika manja, kundipempherera kuti mtima wanga uchire, ndipo ahedi anandipatsa sabata yopuma.

Lero Jesca ali kusukulu ya unamwino, amabwera patchuthi. Thokozani ndikumulera ndine, ndipo wayamba kulankhula. Shepherd amabwera Lamlungu lililonse ndi kathumba ka malalanje kudzaona mwana wake, moti pasukulu pamveka kale kuti Madamu Miti apeza kamnyamata. Mlonda anamukokera pambali n'kumuchenjeza kuti aMiti akadzamupeza adzamuponda ndi thiraki.

7

Ndalembera inu, owerenga, chifukwa kuno kwathu ndasowa wondikhulupirira. Mwina mwaseka, ndipo sindikuletsani, inenso ndimaseka ndikamasita. Bodza loyamba ndinanamira ntchito, ndipo ndimachita nalo manyazi. Lachiwiri ndinanamira mayeso a mwana wamasiye, ndipo atati abwerenso ndi mphasa yake mawa, ndikhoza kunamanso. Ndinkaganiza kuti nkhani yathera pomwepo, aliyense wapeza chake, ndipo palibe amene wapwetekeka.

Koma amayi apasukulu pano ali ndi chizolowezi. Akamunyamula Thokozani, thiraki n'kudutsa pamsewu wa ku Mwami, amamukweza m'mwamba n'kumuuza kuti abayibitse atate ake. Ndawaletsa, koma amati ndisamuphunzitse mwana chidani.

Lamlungu lapitali Shepherd anamukhazika pachishalo cha njinga yake pageti, atamugwira m'chiuno kuti asagwe, akumuphunzitsa kuliza belu. Kunabwera thiraki yaikulu yochokera kumalire. Mwanayo anasiya belu, anatambasula manja onse awiri kuloza kumsewu, n'kuyamba kukuwa kuti atate, atate. Shepherd anamunyamula n'kumuika paphewa kuti aone bwino, ndipo anaima choncho mpaka thirakiyo inazimiririka.

Inu amene mumaphunzitsa ana a eni kusunga banja, monga ndimachitira ine, ndiuzeni mutu umene ndingatsegule kuti ndimufotokozere mwana ameneyu. Mabuku anga onse ndawaona, mulibe.